Mutu 4: Alendo Anayi a Perpetua

1. Maenvulopu

Perpetua Shaba anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi pamene mayi ake anamusiyira nyumba. Si nyumba yoti mungaime n'kuiyang'ana kawiri ayi. Zipinda ziwiri ndi pabalaza, kuseri kwa msika wa pa Mzimba boma, malata odontha pakona. Koma iye ndi mng'ono wake Tikondane, wa zaka zisanu ndi ziwiri, sankafuna kwina.

Mayi awo, a Esme, anali namwino wochokera ku Ntcheu. Chaka chimenecho anasankhidwa kukawonjezera maphunziro ku Zomba kwa miyezi itatu. Bambo awo, a Zondwayo, anali ku Joni chaka chachinayi, ndipo ndalama ankatumiza akakumbuka.

Vuto linali azakhali. A Rhoda, mlongo wa a Zondwayo, ankakhala kumudzi cha ku Embangweni, ndipo anawo ankawaitana kuti ankhazi monga amachitira kumeneko. Atangomva za ulendo wa ku Zomba anatulukira, n'kunena mosapsatira kuti ana a kwa Shaba sangasiyidwe okha m'tauni ngati alibe abale. Ng'ombe za malowolo zinaperekedwa kalekale, ana ndi akuchimuna, anyamule zovala akakhale kumudzi.

Perpetua anali Fomu 3. Kumudzi kwa azakhali sekondale inali kutali, ndipo aliyense ankadziwa kuti mtsikana akapita kumeneko pakati pa chaka, sukulu imathera kudimba la anyezi.

Akuluakuluwo anakangana masana onse. Pomaliza anamvana kuti amuyese mtsikanayo mwezi umodzi. A Rhoda akangomva kuti ana agona ndi njala, kapena kuti akupempha chakudya m'makomo, ndiye kuti nkhani yatha, abwera kudzawatenga.

Tsiku lonyamuka, a Esme anakhazika Perpetua pamphasa n'kuyala maenvulopu anayi.

"Tamvera iwe, ndipo usandiyankhe kuti eya usanamve. Iyi ndi K32,000. Ndaigawa panayi, envulopu iliyonse K8,000, iliyonse sabata yake, ndalembapo manambala. Yachiwiri usaikhudze yoyamba isanathe masiku ake. Mchere ukatha Lachisanu, mudye zopanda mchere mpaka Lolemba, simufa. Ufa ndakusiyirani ndowa imodzi ndi theka, ukwana mukamaphika ya anthu awiri. Kumsika uzipita utadya kale, kapepala kali m'manja, ndipo chimene sichili pa kapepalapo usachiyang'ane n'komwe. Nyama ndi kamodzi pa sabata, theka la kilo. Chachikulu ndi ichi: usayese kuoneka. Anthu kuno amaganiza kuti namwino amachita kutola ndalama pansi m'wodi. Ukafuna kuwatsimikizira zimenezo, wolira ukhala iwe. Ine ndilibe ina yoti ndikutumizire mpaka pa 30, za kusukuluzi zandimaliza. Wamva?"

Perpetua anati wamva. Ndipo tinene zoona, sabata yoyamba anaiyendetsa bwino kwabasi. Usipa, nyemba, masamba a chinizi, nyama Loweruka. Pofika Lamlungu anali atatsala ndi K400, ndipo ankayenda ngati mwini golosale.

2. Pakamwa pathamanga

Lamlungu lomwelo, mapemphero atatha, mlembi wa mpingo a Nason analengeza kuti kukubwera makwaya a kumidzi. Afika Lachisanu, abwerera Lolemba. Monga mwa nthawi zonse, alendowo agawidwa m'makomo mwa akhristu, ndipo anayamba kuitana nyumba imodzi imodzi kuti inene anthu amene itenge.

Atafika pa nyumba ya a Shaba, mayi wina kumbuyo analankhula mokweza dala kuti kumeneko alumphe, kuli ana okhaokha, alendo angakagone ndi njala. Anthu angapo anaseka. Sikunali kuseka kwankhanza, koma Perpetua anamva nkhope yonse ikutentha. Mawu oti njala ndi amene sankafuna kuti amveke pafupi ndi dzina lawo.

Anaimirira. "Ife titenga anayi."

A Nason anamuyang'ana pamwamba pa magalasi, anafunsa kawiri ngati watsimikiza, kenako analemba.

Pobwerera anayenda ndi Mayi Marjory, oyandikana nawo nyumba, amene a Esme anawapempha kuti aziwaponyera diso anawo. Anali mayi wa konkuno, wogulitsa tomato, ndipo Chichewa chawo chinkabwera ndi Chitumbuka chake.

"Mwana wane, pakamwa pako pathamanga chomene. Anayi? Ine ndili ndi munda, koma ndatenga awiri. Mbwenu wanena kale pagulu, sitingafufute. Tsono umve mmene timachitira kuno, poti amayi ako sanalandirepo alendo a kwaya. Anthu amenewa sabwera chimanjamanja. Aliyense amanyamula kaufa, tinyemba, mwina mbatata, ndipo akafika amapereka kwa mwini nyumba. Iwe ulandire ndi manja awiri, unene kuti yewo. Kumeneko si kupempha, ndi mwambo, ngakhale kunyumba kwa abusa amalandira. Uwaphikire zimene mumadya masiku onse. Abwera kudzaimba, sanabwere kudzanenepa. Akadya nsima ya nyemba akhuta, akaimba, akapita. Koma ukayamba ndi mpunga tsiku loyamba, ndapota, tsiku lachiwiri suthanso kubwerera ku chinizi, manyazi akugwira. Ndaona amayi akuluakulu akulira alendo atapita."

Perpetua anathokoza. Koma m'makutu mwake munali mukulirabe kuseka kwa m'tchalitchi kuja.

3. Kumsika popanda kapepala

Lachinayi ataweruka kusukulu anatsegula kachitini kamene ankabisamo ndalama. Ya sabata yachiwiri inali itatsala K3,200. Anaiwerenga katatu, ngati kuti ichulukana. Kenako anatenga envulopu yolembedwa 3, anaitembenuza, anaibwezera, anaitenganso. Anaing'amba.

Kumsika anapita asanadye, ndipo kapepala anaiwala dala.

Abale inu, ndalama ikakhala m'manja mwa munthu wofuna kuoneka, imayenda ndi miyendo yake. Mpunga makilo asanu. Nyama ya ng'ombe makilo awiri, ndipo wogulitsayo atamutchula kuti abwana aang'ono, sanatsitse n'komwe mtengo. Mafuta ophikira botolo lathunthu, osati a m'kapulasitiki amene ankagula masiku onse. Shuga, buledi muwiri, majarini, mkaka. Makala. Pofika pachipata cha msika, m'manja munali K50 yokha, ndipo jumbo inkamudula zala.

Mayi Marjory anali pa benchi lawo la tomato. Anayang'ana katunduyo, anayang'ana mtsikanayo. Perpetua anadutsa mothamanga ngati sanawaone.

Madzulo amenewo sanadye bwino. Anadzilimbitsa mtima kuti zimene wagulazo zikwana masiku atatu onse, ndipo envulopu yachinayi aitambasula kuti ikwane masabata awiri. Zinali zovuta, koma zotheka.

4. Mtolo wa pakhomo

Alendo anafika Lachisanu dzuwa litapendeka, amayi anayi ovala zitenje zofanana, fumbi mpaka m'mawondo. Wamkulu wawo anali Mayi Providence, wamfupi, wansangala, wolankhula osapuma.

Atakhala pansi ndi kulonjerana, Mayi Providence anafunsa kuti pakhomo pano ndi pa Shaba uti, poti a Shaba ndi ambiri. Perpetua anatchula dzina la bambo ake.

Mayiwo anaomba m'manja. "Zondwayo wa ku Joni? Mlongo wa a Rhoda? Mwana iwe, ine ndi ankhazi ako timatunga pa mjigo umodzi. Khomo langa ndi lawo n'kungoponya mwala. Ndikakafika ndikawauza zonse."

Perpetua anamva mawu amodzi okha. Zonse.

Pomwepo mmodzi wa alendowo anakokera pakati mtolo womangidwa m'chitenje. Anaumasula. Munali ufa woyera wokwana pafupifupi theka la ndowa, nyemba za m'mbale yaikulu, mbatata, ndi kathumba ka mtedza. Anaukankhira kwa mwini nyumba mwaulemu.

Perpetua anauyang'ana mtolowo. Chakudya chimenecho chikanawasunga iye ndi Tikondane masabata awiri osavutika. Manja ake anayamba kutambasuka okha. Kenako anaona m'maganizo Mayi Providence ali pa mjigo, akuuza a Rhoda kuti ana aja tinachita kuwapatsa ufa, anaulandira ndi manja awiri.

Anabweza manja.

"Zikomo amayi, koma musavutike. Muno zonse zilimo. Mukabwerere nazo, zikathandize kunyumba."

Alendowo anayang'anana. Mayi Providence anamuuza kuti ndi mwambo chabe, alandire. Perpetua anakana kachiwiri, akumwetulira mpaka masaya kuwawa. Mtolo unamangidwanso n'kuikidwa pakona ya chipinda chimene alendowo ankagona.

5. Envulopu yomaliza

Anthu oimba amadya, musawaone kuonda. Mpunga umene Perpetua ankati ukwana masiku atatu unatsika theka usiku woyamba. Buledi yense anatha Loweruka m'mawa, majarini n'kutsala wongopaka m'mbali mwa chitini. Nyama inatha masana. Alendowo analibe mlandu, ankadya zimene apatsidwa, ndipo ankayamikira mbale iliyonse. Mayi Providence ankachita kuwerenga pa zala kuti akanene bwino kumudzi.

Loweruka masana, alendo ali kutchalitchi, Perpetua anaima pakhomo la khitchini. Munali ufa wa amayi ake uja, nyemba pang'ono ndi chinizi chofota. Akanatha kuphika zimenezo. Koma dzulo mpunga wa nyama, lero nsima ya chinizi, kodi Mayi Providence akakanena kuti chiyani? Akanena kuti anawo anangodzionetsera tsiku limodzi, kenako zinawathera.

Mawu a Mayi Marjory anali atakwana ndendende, ndipo zimenezi zinamupsetsa mtima m'malo momuthandiza.

Analowa kuchipinda n'kutsegula kachitini. Tikondane, amene anali atakhala pabedi, anamufunsa ngati imeneyo si ya nambala 4, imene amayi anati ndi yomalizira. Perpetua anamukalipira kuti atuluke, nkhani za akuluakulu sizimukhudza. Mwanayo anatuluka misozi ili m'maso.

Nkhuku yamoyo, mpunga makilo ena awiri, mazira, buledi, ndi zakumwa za m'mabotolo zoti alendo atsitsire Lamlungu. Nthawi imeneyi anazungulira njira ya kuseri kuti asadutse pa benchi la tomato.

Lamlungu madzulo amayi ake anaimba foni monga ankachitira sabata iliyonse. Anafunsa za sukulu, za chifuwa cha Tikondane, kenako anafunsa kuti ali pa envulopu iti.

"Mawa nditsegula yachitatu," anatero Perpetua.

A Esme anasangalala. Anati akudziwa kuti anabereka mwana wanzeru, ndipo tsopano azigona tulo. Foni itaduka, Perpetua anakhala nayo m'manja nthawi yaitali. Anali asanawanamizepo amayi ake pa nkhani yaikulu chonchi, ndipo anachita mantha ndi mmene bodzalo linatulukira mosavuta.

6. Masiku a tiyi wopanda shuga

Lolemba m'mawa alendo anatsanzika. Anamupempherera, anamukumbatira, anati mwana wotere sanamuonepo. Mmodzi anasenza mtolo uja pamutu, wathunthu monga unabwerera, ndipo anadutsa nawo pakhomo pa Mayi Marjory.

Perpetua anatseka chitseko n'kukhuthula kachitini pamphasa. K1,200. Kuti pa 30 pafike panali masabata awiri athunthu. Ufa nawo unali utatsika kwambiri, poti masana alendo aja ankadya nsima.

Sindikunamizani, mtsikanayo anayesetsa. Shuga wotsala anamusungira Tikondane yekha, mpaka anatha Lachitatu. Anagula usipa wa K200 n'kuugawa katatu. Makala atatha anayamba kutola tinkhuni m'mbali mwa njira pobwera kusukulu, akuyang'ana uku ndi uku kuti asaonedwe ndi anzake. Nsima inayamba kuchepa m'mbale, ndipo iye ankanama kuti wadya kale kusukulu. M'kalasi masamu sankalowa, mutu unali pa ndowa ya ufa imene pansi pake panayamba kuoneka.

Tikondane ankafunsa tsiku lililonse kuti buledi abweranso liti. Lachinayi anasiya kufunsa, ndipo zimenezo zinamupweteka Perpetua kuposa mafunso aja.

Tsiku lomwelo Mayi Marjory anamuitana pa mpanda. Sanamukalipire. Anangonena kuti mtolo anauona ukubwerera, ndipo utsi wa m'khitchini mwa a Shaba ukuoneka kamodzi patsiku.

"Ine ndine mayi, mwana wane, ndimaona. Kulakwa walakwa, koma kulakwa kwina n'kubisa. Njala sibisika, imatulukira pankhope pa mwana. Bwera utenge ufa kwa ine, palibe amene amve. Ndipo uwaimbire amayi ako uwauze zoona. Akalipa, inde, mwina alira, koma ndi amayi ako, apeza njira. Ukachedwa, nkhaniyi adzaimva kwa anthu ena, ndipo pamenepo sipadzakhalanso pokonzera."

Perpetua anayang'ana pansi. Kutenga ufa kwa oyandikana nawo ndi chinthu chenichenicho chimene azakhali anati akangochimva abwera. Anayankha kuti zonse zili bwino, ufa ulipo. Mayi Marjory anapumira m'mwamba n'kubwerera ku tomato wawo.

Komabe mawuwo anamulowa. Pofika Lachisanu anali atatsimikiza mtima kuti Lamlungu, amayi ake akaimba, aulula zonse. Anangofunika kupirira masiku awiri.

7. Odi wa Loweruka

Loweruka m'mawa anaphika phala lamadzimadzi, lopanda shuga, n'kumupatsa Tikondane. M'ndowa munatsala ufa wophika kawiri, ukaphikidwa mosamala. M'kachitini munali K300.

Cha m'ma 11 koloko kunamveka odi. Mawuwo anawazindikira asanatsegule.

Pakhomo panaima a Rhoda, chikwama m'manja, nkhope yowala. Kumbuyo kwawo kunali ana awo awiri aakazi, Taonga ndi Chikomeni, a msinkhu wa pulayimale, aliyense atasenza kachikwama ka zovala ndi bulangete lopinda.

Perpetua anagwada n'kuwalonjera. Anadikira kuti amve zoti alongedze katundu.

Koma a Rhoda anakhala pampando, anamugwira dzanja, n'kuyamba kuseka.

"Mwana wa mlongo wanga, ndabwera kudzapepesa. Ine ndinkati ndiwe mwana, sungasunge nyumba. A Providence andichititsa manyazi pa mjigo, mudzi wonse wamva. Akuti mpunga katatu, nkhuku, buledi wopaka, zakumwa za m'mabotolo. Akuti ufa wawo unachita kuwabwezera, unati muno zonse zilimo. Ndinati yewo, ana a Zondwayo ali pabwino, za kumudzi zija ndazisiya. Tsono kwathu chaka chino chimanga sichinachite bwino, nkhokwe ili pansi. Ndaganiza kuti abale akowa akhale kuno mpaka amayi ako abwere, aziphunzira konkuno, adyeko bwino nawonso. Ine ndigona masiku atatu, ndiwapezere malo kusukulu Lolemba. Sindinanyamule kanthu, ndinaopa kuti ungandibweze nazo ngati a Providence."

Taonga ndi Chikomeni anali atatula kale katundu wawo pakona. Ankayang'ana chitseko cha khitchini mosabisa, poti ananyamuka kumudzi osadya.

Perpetua anawerenga anthu m'chipindamo. Asanu. Akanena zoona, ndiye kuti iye ndi Tikondane akwera nawo galimoto ya ku Embangweni, sukulu n'kutsala. Akakhala chete, ufa uja uthera pa chakudya cha masana ano, ndipo madzulo azakhali adzaona okha.

A Rhoda sanazindikire kanthu. Anati asavutike ndi nkhuku lero, mpunga ndi mazira zikwana. Kenako anaona Tikondane ataima pakhomo la kuchipinda, anamukodola, n'kumukhazika pamiyendo. Anamugwira mkono, anaufinya pang'ono, ndipo kuseka kuja kunayamba kuzilala.

"Iwe, bwanji wapepuka chonchi? Tandiuza, m'mawa uno wadya chiyani?"

Tikondane anali mwana wosadziwa kunama, ndipo anatembenuka n'kuyang'ana mkulu wake.